Ndatopa ndi kujambula dzuwa ndi bwato lomwelomwelo, kodi ndisiye?

Sabata ino tikuyankha kalata ya mnyamata wina wa ku Senga Bay, m'boma la Salima. Walemba motere:

"Ndili ndi zaka 26. Ndinayamba kujambula ndili ku pulayimale, ndipo chimalizireni Fomu 4 ndimadyera penti. Ndimajambula zithunzi zogulitsa kwa alendo: dzuwa likulowa m'nyanja, msodzi ali m'bwato, njovu, amayi akusinja. Vuto ndi loti ndatopa nazo. Dzanja limangoyenda lokha, mtima kulibe. Ndikajambula zanga za kumtima palibe wogula, anzanga amati ndikungowononga penti. Zithunzi zikakhalitsa zina zimachita chuku, zina penti amasweka. Mitengo ndiye osanena, mlendo amanenerera mpaka umangovomera poti kunyumba kulibe ufa. Malume akuti ndisiye zachibwanazi, andipezere ya basi ndipite ku Joni. Kodi luso langa latha?"

Achimwene, mtima m'malo, luso lanu silinathe. Pa zaka zomwe ndakhala ndikugwira burashi komanso kuphunzitsa achinyamata, ndaona kuti munthu amene luso lamuthera sadandaula n'komwe, amangopitiriza kupaka penti mpaka kukalamba. Wodandaula ngati inu ndi amene maso ake akula kuposa ntchito yomwe akugwira.

Koma ndikufunseni kaye. Mwati mumajambula dzuwa likulowa m'nyanja. Munaliona liti dzuwa likulowa m'nyanja ku Senga Bay? Gombe lathu lonseli, kuchokera ku Chipoka mpaka kukafika ku Nkhotakota ndi Dwangwa, linayang'ana kum'mawa. Kuno dzuwa limatuluka m'madzi, madzulo limakabisala kumtunda, kuseri kwa mapiri a ku Dowa ndi Ntchisi. Amene amaliona likumira m'nyanja ndi anzathu a ku Cape Maclear. Ndiye kuti chithunzi chomwe mwakhala mukujambulachi simunachitenge m'maso mwanu. Munachitenga kwa mnzanu wa pa shedi yogulitsira yoyandikana ndi yanu, iyenso anachitenga kwa wina. Sindikukunyozani ayi, tonse timayambira pa kukopera. Koma munthu sangakhale zaka akujambula zomwe sanazione, mtima n'kukhalabe momwemo.

Mukayenda m'mashedi a ziboliboli a m'mbali mwa msewu wopita ku Senga Bay mupezanso anthu aatali oonda, ovala zofiira, atanyamula mikondo. Amenewo ndi Amasai a ku Kenya ndi Tanzania, kuno kulibe. Mupezanso nyama ndi mbalame zamawangamawanga za penti wonyezimira. Kajambulidwe kameneko kanayamba ndi Edward Saidi Tingatinga ku Dar es Salaam cha m'ma 1968, akugwiritsa ntchito penti wopaka njinga pa timatabwa. Mwini wakeyo anamwalira mu 1972, koma njira yake inafalikira mpaka kuno. Kwa iye zinali zakezake, anazitulukira yekha ndi zipangizo zomwe akanakwanitsa kugula. Ife tangotola chikopa chake. Ndipo mlendo yemwe wadutsira ku Zanzibar asanafike kuno waziona kale zonsezi kambirimbiri, n'chifukwa chake amanenerera mopanda chisoni. Akudziwa kuti mukakana inu, akachipeza pa shedi yotsatira.

Mankhwala a kutopa kwanuko si okwera mtengo. Gulani kope lopanda mizere ndi pensulo, kapena bolopeni yomwe ija, mulawirire kudooko kwa Nguwo asodzi a usipa akamakocheza. Musapite ndi maganizo opanga chithunzi chogulitsa. Khalani pa bwato logadabuzika, muzingoyang'ana ndi kulemba. Onani mmene siginala, msodzi woyatsa nyali zokopera usipa, amatsikira m'bwato lake, nyali zitazima, msana utauma ndi kukhala usiku wonse. Onani mayi wogula usipa mmene amaimira akamatsutsana mtengo, dzanja lina m'chiuno, lina litagwira beseni, ndalama atamanga pa nsonga ya chitenje. Onani anyamata onyamula ukonde wa chilimira wonyowa mmene mapewa awo amapendekera, ndi mmene usipa umawalira pa thandala dzuwa likangoti tulukire. Bwato lenileni si lowongoka ngati lomwe timajambula lija. Ndi lokhota, lili ndi zigamba za malata ndi phula, pakamwa pake ndi popapatiza moti msodzi amakhala pamwamba. Madzi nawo si abuluu masiku onse. Mwera ukamawomba mu June ndi July amachita kuderapo ngati mtovu, mafunde akutuwa pamwamba. Mu October m'mawa amangoti zii, osasiyanitsa pomwe athera ndi pomwe mtambo wayambira. Mvula ikagwa kumtunda, Linthipe amabweretsa matope, gombe n'kufiira. Zonsezi mukuzidziwa kuposa ine, kungoti simunaziikepo pansalu.

Tsiku lina kwerani kabaza mupite pa Kamuzu Road m'tauni ya Salima, mukakhale pakhonde la sitolo. Jambulani akabaza atatsamira njinga zawo, amayi a mpunga, munthu wogona pa matumba akudikira minibasi. Anthu sakhazikika, ndiye dzanja limaphunzira kuthamanga ndi kusiya zosafunika. Masamba oyamba adzakhala onyansa, musawang'ambe. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Pakatha miyezi iwiri kapena itatu mukuchita zimenezi, mudzaona kuti ngakhale zithunzi za alendo zija zayamba kusintha zokha, msodzi wanu wayamba kukhala ngati munthu amene ali ndi dzina.

Tsono za kusiya. Ine sindikukulangizani kuti musiye zithunzi za alendo, ndipo amene angakuuzeni kuti waluso weniweni sajambula njovu, mumufunse ngati adzakugulireni ufa. Zithunzi zimenezo ndiye munda wanu wa chimanga, zakumtimazo ndi dimba lomwe mukungoyamba kumene kutsegula. Palibe amasiya munda chifukwa wapeza dimba. Chofunika n'kugawa nthawi mwadala. Sankhani masiku awiri pa sabata, kapena m'mawa uliwonse musanatsegule shedi, akhale a ntchito yanuyanu, ndipo masiku amenewo musawagulitse ngakhale anzanu aseke. Chinanso, ntchito ziwirizi musaziyanike pa chingwe chimodzi. Chithunzi chomwe mwachivutikira milungu itatu mukachipachika pakati pa njovu khumi zofanana, mlendo amachiyesa njovu ya nambala 11 ndipo amachipatsa mtengo womwewo. Chisungeni mkati. Mukaona munthu waima nthawi yaitali, akufunsa mafunso osati mtengo wokha, muuzeni kuti muli ndi zina zomwe simuonetsa aliyense.

Mwati zakumtima palibe wogula. Ine ndikuganiza kuti mwakhala mukuzionetsa kwa anthu olakwika. Mlendo wa chikwama kumsana amafuna kanthu kakang'ono, kotchipa, kopindika, koti kakamukumbutse tchuthi. Ameneyu si wodalirika. Munaona nokha mu 2020 matenda a Covid-19 atatseka maulendo mmene mashedi anachitira zii, ndipo mu 2024 nyanja itakwera n'kulowa m'malo ena ogona alendo, malonda anavutanso. Koma Salima ali ndi mwayi womwe maboma ambiri alibe. Kuchokera ku Lilongwe ndi ulendo wa makilomita pafupifupi 100 basi. Misonkhano ya boma ndi ya mabungwe imachitikira m'mahotela a kunyanja kuno chaka chonse, ndipo Loweruka ndi Lamlungu gombe limadzaza ndi Amalawi anzathu. Ambiri mwa anthu amenewa amanga nyumba ku Area 49 kapena ku Area 25, makoma ali mbee. Sangagule Mmasai. Koma muwaonetse chithunzi cha agogo akupeta mpunga, nkhope yooneka ngati ya agogo awo enieni, muone ngati safunsa mtengo. Ojambula athu ambiri m'mbali mwa nyanja akaona Mmalawi akuyandikira shedi sadzuka n'komwe pa mpando, amati angofunsa basi. Kumeneko n'kudzitsekera khomo.

Palinso ntchito zomwe achinyamata amazipeputsa: kujambula nkhope za anthu pa oda, mphatso za ukwati ndi za opuma pa ntchito, makoma a sukulu za mkaka, zikwangwani za masitolo ndi malo odyera, zithunzi za m'matchalitchi. Khoma la sukulu limodzi limakuphunzitsani kuyala chithunzi chachikulu kuposa mmene nsalu khumi zingachitire, ndipo aliyense wodutsa amafunsa kuti wajambula ndani. Lembani dzina ndi nambala yanu pakona.

Pa za mitengo, vuto lalikulu n'loti ambiri mtengo amauganiza wogula ataima kale pamaso pawo, njala ili m'mimba. Werengerani muli nokha kunyumba. Lembani zonse zomwe zalowa: nsalu, penti, guluu, matabwa a felemu, misomali, thiransipoti yokagula. Kenako werengani masiku omwe mwagwira, tsiku lililonse mudzilipire zosachepera zomwe mmisiri womanga nyumba amalandira kwanuko. Mukaphatikiza, umenewo ndiye mtengo womwe simungatsike pansi pake. Potchula kwa wogula onjezerani pang'ono kuti pakhale ponenerera, poti kunenerera ndi chikhalidwe chathu, koma osatchula mtengo wa kumwamba kenako n'kugwa mpaka pansi, chifukwa wogula amazindikira kuti mitengo yanu ndi yongopeka. Kumbukiraninso kuti penti wabwino ndi maburashi zimachokera kunja. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023 zipangizo zinakwera, koma ojambula ambiri anapitiriza kugulitsa pa mitengo yakale, osadziwa kuti akudya mpamba. Ntchito ya oda musayambe musanalandire theka, kaya pamanja, kaya pa Airtel Money kapena Mpamba. Mukasiya zithunzi pa malo ogona alendo kuti akugulitsireni, lembani pa pepala chithunzi chilichonse, mtengo wake, ndi gawo lomwe eni malo adzatenge, musainirane onse awiri, aliyense asunge lake. Ubwenzi wambiri waphwasukira pamenepa.

Tibwere ku chuku ndi kusweka kwa penti, poti apa pali zifukwa zenizeni ndipo zonse zili ndi pothawira. Ndikuganiza kuti mumajambula pa bafuta, mwina ndi penti wa m'zitini wa ku hadiweya. Nsalu ya thonje imamwa chinyezi, ndipo kunyanja kuno kuyambira December mpaka March mpweya umakhala wonyowa usana ndi usiku. Nsalu yosakonzedwa bwino, kapena yomwe mwaipaka phala la ufa wa chinangwa kuti ilimbe monga ena amachitira, ndi chakudya cha chuku ndi mphemvu. Njira yotchipa yomwe imagwira ndi iyi: chapani bafuta kuti achoke sitachi, aume, mumukoke bwino pa felemu, kenako mupake penti woyera wa PVA wosakaniza ndi guluu woyera wa matabwa pang'ono. Pakani kawiri kapena katatu mopyapyala, ulendo wina chopingasa, wina chotsika, ndipo muzidikira kuti ziumiretu musanabwereze. Mukaunika nsaluyo padzuwa isamaonetse timabowo.

Kusweka kumabwera kwambiri ndi penti wa mafuta wonyezimira uja wopaka zitseko. Akauma amalimba gwa, ndiye nsalu ikapindidwa kuti ilowe m'chikwama cha mlendo, amang'aluka. Penti ameneyu malo ake ndi pa thabwa, pa chitsulo kapena pa chikwangwani. Pa nsalu yoti idzapindidwe gwiritsani ntchito penti wa madzi wotchedwa acrylic, yemwe akauma amakhalabe wofewa. Ngati wa m'machubu wakukulirani mtengo, PVA wosakaniza ndi mankhwala osinthira mtundu wa penti amathandiza, kungoti amaoneka wozimirira ndipo amafuna vanishi wa madzi pamwamba. Lamulo loti musaliiwale: penti wa mafuta angathe kukhala pamwamba pa wa madzi, koma wa madzi pamwamba pa wa mafuta amasupuka. Popinda chithunzi, mbali ya penti iyang'ane kunja, ndipo mpukutuwo ukhale waukulu, osati wothina ngati ndudu. Posunga, zithunzi ziime chilili pa thabwa, zisagunde pansi kapena khoma, mphepo izidutsa pakati. Musazikulunge m'mapepala apulasitiki nyengo ya mvula, chinyezi chimatsekeredwa momwemo. Zomwe zagwidwa kale chuku zitulutseni panja pamthunzi tsiku louma, muzipukute ndi burashi youma yofewa mutatseka pamphuno, kuseri kwa nsalu kuone dzuwa kwa kanthawi. Dzuwa lomwelo likamawomba kumaso kwa chithunzi tsiku ndi tsiku pa msewu limadya mitundu, makamaka yofiira ndi yachikasu yotchipa. Panja pazikhala zochepa zoitanira anthu, muzizisinthasintha.

Pali ulendo umodzi womwe ndikufuna muyende mwezi uno usanathe. Kwerani galimoto za msewu wa M5 zolowera ku Balaka, mukatsike pa Mua. Kumeneko kuli KuNgoni Centre of Culture and Art, yomwe anayambitsa Bambo Claude Boucher mu 1976, ndipo yaphunzitsa osema ambiri. M'nyumba yosungiramo zinthu zakale ya Chamare muli zigoba za Gule Wamkulu mazanamazana, ndipo makoma ake akunja ndi ojambulidwa mbiri ya dziko lino. Mukafike ndi kope lanu. Chomwe ndimafuna achinyamata akaone kumeneko n'choti anthu angathe kugulitsa kwa alendo koma akujambula ndi kusema za kwawo, mozama, popanda kubwereka Mmasai. Mukadzapeza mpata wina mudzakwere ku Chongoni ku Dedza, komwe kuli malo 127 a zojambula za pamiyala, zofiira za Akafula ndi zoyera za Achewa, zomwe UNESCO inaziika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2006. Kujambula kuno sikunabwere ndi sitima. Kungoti mukafuna kujambula za Gule, yambani mwalankhula ndi eni ake. Zovina pabwalo ndi za aliyense, za kudambwe zili ndi eni. Ndipo ngati dongo limakukokani, ku Nkhotakota Pottery mungakaone mmene ojambula amakongoletsera mbale ndi makapu, imeneyonso ndi njira yodyera burashi.

Anthu awiri oti muwafufuze pa foni yanu ndi awa. Billie Zangewa anabadwira ku Blantyre mu 1973, amakhala ku Johannesburg, ndipo amasoka zithunzi ndi tizidutswa ta nsalu ya silika. Zambiri zimaonetsa moyo wake wa tsiku ndi tsiku, m'khitchini, ndi mwana wake, zinthu zomwe wina akanati sizoyenera kujambula. Samson Kambalu anatenga chithunzi cha mu 1914 cha John Chilembwe ataima ndi mmishonale John Chorley, Chilembwe chipewa chili kumutu pa nthawi yomwe munthu wakuda sankaloledwa kuvala chipewa pamaso pa mzungu, n'kupanga chiboliboli chomwe chinaimikidwa pa Trafalgar Square ku London mu 2022. Sindikukulonjezani London, amafikako ndi owerengeka. Ndikungofuna muone kuti onsewa anafika kutali atanyamula nkhani za pakhomo pawo.

Foni yomweyo ikhale shedi yanu yachiwiri. Chithunzi chilichonse chisanachoke m'manja mwanu chijambuleni pamthunzi, foni itayang'ana molunjika, popanda fulashi, ndipo mulembe kukula kwake, chaka ndi amene wagula. Ikani pa Facebook, pa Instagram ndi pa WhatsApp. Koma chenjerani ndi akamberembere. Akakulemberani munthu wakunja wosamudziwa, akuyamikira mopyola muyeso, akufuna kugula zithunzi zisanu pa mtengo wodabwitsa koma akuti muyambe mwatumiza kandalama kolembetsera kapena kotsegulira akaunti, ameneyo ndi wakuba. Wogula weniweni sauza wogulitsa kuti alipire.

Pali nthawi zina zofunika kufuna thandizo kwa ena. Mukadzapeza chithunzi chanu chasindikizidwa pa malaya, pa kalendala kapena pa chikwangwani cha kampani popanda chilolezo chanu, pitani ku COSOMA, bungwe loona za umwini wa ntchito zaluso, lomwe limagwira ntchito pansi pa lamulo la Copyright Act la 2016. Kugulitsa nsalu sikutanthauza kuti mwagulitsanso ufulu woti wogulayo azichulukitsa chithunzicho n'kumachita nacho malonda, pokhapokha mutagwirizana choncho polemba. Zithunzi za mu foni zija ndi masamba a m'kope lanu ndiwo adzakhale umboni. Fufuzaninso za bungwe la ojambula la Visual Arts Association of Malawi, kuti muzimva za zionetsero ndi maphunziro. Ngati satifiketi yanu ya MSCE ili bwino ndipo mtima ukufuna sukulu, ku University of Malawi ku Zomba amaphunzitsa zaluso.

Za thupi lanu musazitaye. Penti wa mafuta ndi thina wosungunulira penti zimapweteka zikamapumidwa m'kachipinda kotseka, ndipo chizolowezi chosamba m'manja ndi petulo kapena palafini chimawononga khungu. Gwirirani ntchito pakhonde, musambe ndi sopo musanagwire nsima, ana asamaseweretse zitini. Mutu ukamapweteka pafupipafupi, chizungulire, chifuwa chosatha kapena zilonda m'manja, pitani kuchipatala mukawauze ntchito yomwe mumagwira. Komanso mawu anu oti mtima kulibe ndawamva bwino. Ngati kutopako kuli pa zithunzi zokha, zomwe ndanenazi zikuthandizani. Koma ngati kwafika poti tulo sitibwera, chakudya sichikoma, simufuna kuonana ndi anthu, mowa wayamba kuchuluka, kapena mukumaganiza zodzichotsera moyo, imeneyo si nkhani ya penti. Uzani munthu amene mumamukhulupirira lero lomwe, ndipo mupite ku chipatala cha boma ku Salima mukafunse oona za maganizo.

Malume anu musawaone ngati mdani. Akuona mwana wa mlongo wawo akuvutika, ndipo Joni ndi njira yomwe aiona ikumangitsa ena nyumba za malata. Koma inunso mukuwadziwa a m'mudzi mwanu omwe anapita opanda mapepala okwanira n'kubwerako chimanjamanja. Musakangane nawo za luso, sangakumveni. Apempheni chaka chimodzi, ndipo chaka chimenecho mukhale ndi kope lachiwiri lolembamo ndalama iliyonse yolowa ndi yotuluka, ya njovu payokha, ya oda payokha, ya zakumtima payokha. Chikatha mukakhale nawo pansi ndi kopelo. Mwina lidzaonetsa kuti burashi ikukwanitsa kukudyetsani. Mwina lidzaonetsa kuti pakufunika ntchito ina yothandizira, monga kulemba zikwangwani, kupenta nyumba kapena ukalipentala wa mafelemu, ndipo zimenezo si zochititsa manyazi, ojambula ambiri omwe ndimawalemekeza amatero.

Mukadzalembanso, tumizani zithunzi za masamba asanu a m'kope lanu la kudooko, komanso chimodzi mwa zithunzi zoswekazo, kumaso ndi kuseri komwe. Ndikaona kuseri kwa nsaluyo ndidzakuuzani ngati vuto ndi penti kapena kakonzedwe ka bafuta.